WERENGANI MASIKU ANU KU JONI

Abale ndi alongo a m'makomboni, inu a ku Matero, Kanyama, Chawama, Chilenje, Mandevu ndi kwina konse kumene nyuzi ino ifika, lero tifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kamene kaliza mabanja ambiri. Kanthuko ndi tsiku limene mlonda wa pa cipata alemba m'pasipoti mwanu pamene mulowa m'dziko la South Africa.

Tsiku ndi tsiku mabasi anyamuka pa Intercity m'Lusaka kupita ku Johannesburg, ena kudzera ku Chirundu ndi Beitbridge, ena kudzera pa mlatho wa Kazungula ndi dziko la Botswana. M'mabasimo muli anthu athu. Ena apita kukagula katundu wa malonda, ena kukaona ana ao, ena kukadwazika matenda, ena ku maliro. Mzambia wopita kukaceza cabe safunika kupempha viza asananyamuke. Afika pa cipata, apereka pasipoti, amva cidindo cagunda, nabwerera m'basi ali wokondwa. Ambiri satsegula n'komwe kuti aone cimene calembedwa. Koma m'cidindomo muli tsiku, ndipo tsikulo ndilo malire a ulendo wanu. Likapita inu mukali m'dzikomo, simulinso mlendo pamaso pa lamulo. Mwasanduka wopalamula.

Mau athu ndi awa: amene afuna kukhalitsa apemphe masiku oonjezera nthawi ikalipo, ndipo amene sangathe kupempha abwerere kwao tsiku lisanakwane. Njira yacitatu palibe. Tikatha kunena ndi inu tinenanso ndi maboma, pakuti lamuloli monga liri lipweteka wosauka koposa wolemera.

LAMULO LINENA CIANI

Lamulo la South Africa loona za alendo ndi la caka ca 2002. Linena kuti cilolezo ca mlendo sicipitirira miyezi itatu, ndipo kuti munthu akapempha angamuonjezere miyezi ina yosapitirira itatu. Cenjerani pamenepa. Miyezi itatu ndiyo malire a pamwamba, si kuti ali yense apatsidwa yonse ai. Mlonda wa pa cipata angalembe masiku ocepa, ndipo cimene walemba ndico cigwira nchito, osati cimene munamva kwa mnzanu m'basi. Linenanso kuti mlendo saloledwa kugwira nchito pa cilolezo ca ulendo.

Pa 26 May 2014 anaika malamulo atsopano a kayendetsedwe kace, ndipo ndi amenewa amene agwetsa anthu athu. Caka cimeneco cisanafike, wopitiriza masiku anali kulipira faindi pa cipata, nkhani n'kutha. Kuyambira pamenepo faindi anaicotsa, naikapo cilango ca kutsekeredwa kunja. Wopitiriza masiku osaposa 30 alembedwa kuti ndi munthu wosafunika kwa miyezi 12. Wobwereza mlandu womwewo mkati mwa miyezi 24 aletsedwa zaka 2. Wopitiriza masiku oposa 30 aletsedwa zaka 5. Tsiku limodzi lokha likwana kuti munthu atsekeredwe caka cathunthu. Cilangoci acipereka pomwe mukuturuka, katundu ali kale m'basi, ndipo mlonda wa pa cipata sakhala pansi kuti amve zifukwa zanu.

Amenewa ndi amene afika okha pa cipata. Wogwidwa ndi apolisi m'kati mwa dziko mlandu wace ndi waukuru, pakuti lamulo liloleza ndende kufikira zaka 2, ndipo oyembekeza kupitikitsidwa awasunga ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp. Mu 2017 khoti lalikuru la dzikolo linagamula kuti womangidwa motere aonekere pamaso pa khoti maola 48 asanathe. Dziwani ufulu umenewu, koma musafune kukauyesa.

Nanga kupempha masiku kuyenda bwanji? Malamulo a 2014 anena kuti pempho liperekedwe kukali masiku 60 kapena kuposa cilolezo cisanathe. Ngati munapatsidwa masiku osakwana 30, pempho lifike kukali masiku 7 a nchito. Kuyambira caka comweco mapempho salandiridwa pa ofesi ya Home Affairs monga kale. Apita ku kampani ya VFS Global, imene ilandira mapepala m'malo mwa boma, koma woweruza pempholo ndi Home Affairs. Mulemba fomu pa intaneti, mupatsidwa tsiku, mupita nokha kuti akatenge zala ndi cithunzi. Munyamula pasipoti, kalata yonena cifukwa cimene mufunira kukhalitsa, tikiti yobwerera kwanu, ndi umboni wakuti muli ndi ndalama zodzisungira. Mu 2014 mtengo unali R425 ya boma ndi R1,350 ya kampani. Funsani mtengo wa lero musanapite.

TIWERENGE PAMODZI

Tiyerekeze mai wina wa ku Kanyama amene mwana wace wamkazi akwatiwa ku Germiston ndipo ali ndi pakati. Maiyo alowa pa Beitbridge pa 1 March, ndipo mwa mwai apatsidwa masiku onse 90. Masiku ace atha pa 29 May. Tikabwerera m'mbuyo masiku 60 tifika pa 30 March. Ndiye kuti maiyo ayenera kupereka pempho lace mwezi woyamba usanathe, asanadziwe n'komwe ngati mwana wace adzacira bwino kapena ai.

Tsono mwanayo acira pakati pa May ndi mpeni, ndipo adwala. Kodi pali mai amene angasiye mwana wace pa mphasa, khanda liri kulira, kuti akakwere basi cifukwa ca cidindo? Akhala. Akaturuka pa 20 June wapitiriza masiku 22, ndipo mdzukulu wace sadzamuona kwa caka. Akaturuka pa 5 July wapitiriza masiku 37, ndipo cipata catsekeka zaka 5. Mdzukulu adzayamba kuyenda, adzayamba kulankhula, ambuye ace osamuona. Ngati maiyo ndi wa malonda, amene sukulu ya ana ace ena icokera m'mabulangete ndi nsapato za ku Joni, ndiye kuti mphika wa banja lonse wagubuduzika.

Wolemba mau ano anakhalapo kalaliki pa mgodi wina, ndipo buku la masiku a chuti linali m'manja mwace. Cimene anaona ndi ici. Munthu amene atumiza mau chuti cisanathe, ndi kalata ya cipatala kapena ya maliro, nkhani yace inali kumveka. Koma amene akhala cete nabwera masiku atapita, ngakhale cifukwa cace cikhale coona, buku linali litamulemba kale kuti wajomba. Buku silimva cisoni. Pa cipata ndi cimodzimodzi, ndipo masiku ano buku lace ndi kompyuta, imene siiwala. Akuru anati pakadafunda padajiwitsa galu. Musati nditsale sabata imodzi yokha, palibe adzaona.

NJIRA ZONAMA

Pali anthu amene adyera pa mantha a anzao. Pa Park Station ndi m'mabasi mudzamva wina akuti, bweretsani pasipoti ndi kangacepe, ine ndipita nayo ku Beitbridge ikadindidwe, inu khalani. Abale, musapereke. Pasipoti imene yaturuka mwini wace ali m'nyumba ku Hillbrow ndi bodza lolembedwa. Kawirikawiri cidindoco ndi copeka, ndipo m'kompyuta mulibe ciri conse cosonyeza kuti munaturuka. Lamulo linena kuti wopezeka ndi cilolezo cacinyengo akhala munthu woletsedwa, ndipo kuletsedwa kumeneku sikutha ndi caka kapena zaka 5 monga kwa wopitiriza masiku. Mwagula mlandu waukuru pofuna kuthawa waung'ono, ndipo wakugulitsani uja sadzaoneka tsiku la mlandu.

Ena akuti, dumphirani ku Lesotho kapena ku Eswatini, mukagone usiku umodzi, pobwera mudzapatsidwa masiku atsopano. Malamulo a 2014 anatseka khomo limeneli. Munthu wa dziko losacita malire ndi South Africa, monga ife, akabwereranso alowa pa masiku ace akale omwe aja. Ngati anatha, apatsidwa masiku osapitirira 7. Masiku atsopano angapatsidwe kwa amene acokera ku dziko la kwao. Motero ndalama ya basi ya ku Maseru ingopita pacabe.

Enanso ayesa kuti risiti ya pempho ndiyo cilolezo. Risiti isonyeza kuti munapempha, siinena kuti mwaloledwa. Mu December 2023 Home Affairs inaturutsa cidziwitso cakuti alendo a masiku 90 kapena ocepera, amene anapempha kuonjezera koma yankho losabwera pofika 23 February 2024, acoke m'dzikomo pofika 29 February kuti asalembedwe osafunika. Anthu amenewo anali atalipira, atacita zonse mwa lamulo, koma anauzidwa kuti anyamuke.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, musanacoke pa windo la pa cipata tsegulani pasipoti, muone tsiku. Ngati maso avuta, kapena simudziwa kuwerenga, funsani mnzanu akuwerengereni mokweza. Safunsa anadya phula.

Caciwiri, amene mulandira mlendo, lembani tsikulo pa kalendala ya m'nyumba. Mlendo ndi wanu. Mai wokalamba wocokera ku Petauke sangadziwe za fomu ya pa intaneti. Udindo uli pa inu amene munamuitana.

Cacitatu, ngati mudziwa kale kuti ulendo ndi wa matenda kapena wa uzamba, pemphani masiku m'sabata yoyamba. Ngati mwacedwa koma tsiku likalibe kukwana, pitanibe mukafunse, musakhale pansi.

Cacinai, sungani pepala liri lonse: kalata ya dokotala, ya cipatala, ya imfa, risiti, tikiti. Amene masiku ace atha pa cifukwa cimene sakanatha kucipewa, monga kugonekedwa m'cipatala, lamulo limulola kukadzionetsa yekha ku Home Affairs asanagwidwe, ndi kupempha kuti akhale pamene akonza mapepala ace. Wopanda umboni alibe ponena.

Cacisanu, ngati mwalembedwa kale kuti ndinu wosafunika, musataye pepala limene akupatsani pa cipata. Muli ndi ufulu wocita apilo ku Home Affairs. Lembani kalata yofotokoza, muikepo pepalalo, masamba a pasipoti ndi umboni wanu. Musayese kukatenga pasipoti ina ndi dzina lina. Zala zanu sizisintha.

Ndipo mukasowa pogwira, dziko lathu liri ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria. Ndi yanu, ilipidwa ndi msonkho wanu. Gogodani.

KODI ICI SI CITUPA?

Tidziwa kuti ena mwa inu mudzati, kodi nyuzi ya cipani ca ufulu yayamba kuphunzitsa anthu kuopa mapepala? Kodi makolo athu sanatenthe zitupa? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo tiyankha.

Inde anatentha. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu a dziko lino anaponya zitupa pa moto, ambiri namangidwa, ena nafa. Citupa cinali coipa cifukwa cinasandutsa mwini dziko kukhala mlendo m'dziko lace. Munthu wobadwira muno anali kufunsidwa pepala kuti akhale m'tauni, ndipo mbale wace wocokera kumudzi sanali kugona m'komboni mwamtendere. Amene anaika lamulolo sitinawasankhe. Zimenezo zinatha, ndipo pa 24 October 1964 tinayamba kudzilamulira.

Pasipoti ndi cinthu cina. Ipatsidwa ndi boma lathu, ndipo inena kuti munthuyu ali ndi kwao. Dziko la ufulu liri ndi mphamvu yodziwa amene alowa ndi amene aturuka. Ifenso ticita comweco pa Chirundu, pa Mwami ndi pa Kasumbalesa. Cotero sitinena kuti anthu athu aphwanye lamulo la eni dziko. Amene apitiriza masiku dala aipitsa dzina la Mzambia ali yense amene abwera pambuyo pace pa mzere.

Koma lamulo limene munthu wa mtima wabwino sangathe kulisunga ndi msampha. Taonani. Auza mlendo kuti apemphe kukali masiku 60. Nanga amene wapatsidwa masiku 45, masiku 60 awatenga kuti? Auza wodwazika kuti adziwiretu mu March matenda a mu May. Alandira ndalama ya pempho, koma yankho licedwa kufikira masiku amene anapemphawo atatha. Mu 2024 nduna ya Home Affairs, Leon Schreiber, inanena yokha kuti mapempho osayankhidwa anapitirira 300,000. Wolemera alemba loya, kapena akwera ndege napita kwao nabweranso mawa. Wogulitsa pa msika alibe loya, ndipo ulendo wa basi wopita ndi kubwera ndi ndalama ya mwezi.

Abale athu a ku South Africa adziwa kuwawa kwa kuwerengeredwa nthawi kuposa ife tonse. Kuyambira 1952 munthu wakuda wopanda cilolezo sanali kuloledwa kukhala m'tauni kupitirira maola 72. Pa 21 March 1960 anthu 69 anaomberedwa ku Sharpeville cifukwa ca kukana mapasi. Malamulo a mapasi anafafanizidwa mu 1986. M'zaka za mdima zimenezo likulu la ANC linali muno m'Lusaka, ndipo Oliver Tambo anakhala pakati pathu zaka zambiri. Pa 19 May 1986 ndege za boma la tsankho zinaponya mabomba ku Makeni cifukwa ca alendo athuwo. Nelson Mandela ataturuka m'ndende pa 11 February 1990, panangopita masiku 16 nafika m'Lusaka. Sitikumbutsa izi kuti tilipiritse ngongole ai. Mlendo salipira nsima. Tikumbutsa kuti amene anakhalapo mlendo adziwa kuti nthawi zina ulendo utalika mwini wace osafuna.

ZIMENE TIPEMPHA

Kwa boma la South Africa tipempha zinthu zitatu. Masiku 60 acepetsedwe, kuti mlendo athe kupempha kufikira sabata ziwiri tsiku lisanakwane. Amene wapempha pa nthawi yace asalangidwe kufikira yankho litabwera, pakuti kucedwa kwa ofesi si mlandu wa mlendo. Ndipo pakhale khomo lofulumira la matenda ndi maliro, kumene kalata ya cipatala imveka tsiku lomwelo.

Kwa boma lathu tinena kuti nkhaniyi muinyamule pamene mukhala pansi ndi anzanu a ku Pretoria. Mu 2005 maiko a SADC analemba pangano lakuti anthu a cigawo cino aziyenderana popanda viza kufikira masiku 90 pa caka. Pangano la pa pepala silithandiza mai amene waimitsidwa pa Beitbridge. Pakali pano citani cimene ciri m'manja mwanu: pacikani zidziwitso pa Intercity, pa Chirundu ndi pa Kazungula, m'Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi, zonena za miyezi 12, zaka 2 ndi zaka 5. Mtengo wace ndi wocepa kuposa wa msonkhano umodzi wa m'hotela.

Ndipo tisaiwale khomo lathu. M'makomboni mwathu muli alendo ocokera ku Malawi, ku Mozambique, ku Congo ndi ku Zimbabwe, ambiri a iwo acibale athu eni eni. Lamulo lathu la 2010 lipatsa mlendo wamba masiku 90 m'miyezi 12, koma pa cipata kawirikawiri alemba 30 poyamba, ndipo otsalawo akaonjezetsa ku ofesi ya Immigration. Ngati malume anu a ku Mchinji agona m'nyumba mwanu, onani pasipoti yao, muwaperekeze ku ofesi tsiku lisanakwane. Ndipo wa mu ofesi awalandire monga tifuna kuti mai athu alandiridwe ku Joni. Sitingapemphe kwa ena cimene ife tikana kupereka.

Atsogoleri a nthambi, apampando ndi alembi, werengani nkhani ino mokweza pa msonkhano wa mlungu uno, makamaka kwa amai a malonda ndi kwa okalamba amene sawerenga. Funsani amene ali ndi mbale ku Joni, amuimbire foni usiku womwewo, amuuze atsegule pasipoti. Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Pitani, kaoneni ana anu, kaguleni katundu wanu, koma mubwere cipata cikali cotseguka, kuti caka ca mawa mudzapitenso.

Kwacha! Ngwee!